M'mera Mpoyamba: Kakulidwe ka Mwana Wamwamuna Wobadwa ndi Fragile X

 M'phunziro lino tikambirana za ana aamuna amene amachedwa kukhala tsonga, kuyenda ndi kulankhula chifukwa cha vuto lobadwa nalo limene madokotala amalitcha fragile X syndrome. Dzinali ndi lachilendo m'makutu mwathu, koma anawo timawadziwa. Timawaona ali kumsana kwa amayi awo pa msinkhu umene anzawo akuthamanga pabwalo, ndipo timamva maina opweteka amene anthu amawapatsa.

Mwa mavuto a nzeru amene mwana amatengera kwa makolo, ili ndilo lofala koposa pakati pa amene gwero lawo likudziwika. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, limati vutoli limapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa ana 7,000 alionse, ndi mwa wamkazi mmodzi pa 11,000 alionse. Tidzatenga chitsanzo cha Dangamvura, dera la mumzinda wa Mutare ku Zimbabwe, kumene pakati pa anthu olankhula Chishona pali mabanja amene agogo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito pa njanji, m'mafamu, ndi m'minda ya tiyi ndi ya mitengo ya ku Manicaland. Tasankha malo amenewa chifukwa vutoli limaoneka bwino munthu akayang'ana mtundu wonse pamodzi, pamene mabanja otere anamwazikana m'maiko awiri kapena atatu.

Gwero la vutoli

Thupi la munthu linamangidwa ndi maselo, tizinthu tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu, ndipo pa timaulusi timeneti ndi pamene panalembedwa malangizo onse a chibadwa chathu. Tiwiri mwa ito ndi timene timasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi ali ndi ma X awiri, pamene mwamuna ali ndi X imodzi, yochokera kwa mayi wake, ndi Y yochokera kwa bambo wake.

Chakumapeto kwa X kuli langizo lina lotchedwa FMR1, limene limauza thupi kupanga puloteni yofunika mu ubongo. Kumayambiriro kwa langizoli kuli zilembo zitatu, CGG, zimene zimabwerezedwa monga mikanda yotungidwa pa ulusi. Mwa anthu ambiri zimabwerezedwa ka 5 kufikira ka 44. Zikabwerezedwa ka 55 kufikira ka 200, munthuyo amakula bwinobwino, amaphunzira, amakwatira kapena kukwatiwa, koma amakhala wonyamula vutoli mosadziwa. Zikapitirira 200, thupi limatseka langizo lonselo, ndipo puloteni ija siipangidwanso.

Kodi puloteniyo imagwira ntchito yanji? Mlimi akabzala chimanga, chikamera amapita kukapatulira, kuti mapesi otsalawo anenepe. Ubongo wa khanda nawonso umameretsa timalumikizano tochuluka pakati pa maselo ake, ndipo puloteni imeneyi imathandiza kuti timene tikugwira ntchito tikhwime, tosafunikato tichepe. Ikasowa, timalumikizanoto timakhala tothithikana, tatitali, toonda ndi tosakhwima. Motero mwana amaphunzira pang'onopang'ono, ndipo phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa zimamufikira ndi mphamvu yoposa muyeso. Mwana wamkazi ali ndi X yachiwiri imene imatha kumuthandiza, ndipo chifukwa cha ichi atsikana ambiri sakhudzidwa kwambiri. Mnyamata alibe X ina yodalira.

Zinatenga zaka zambiri kuti zimenezi zidziwike. M'chaka cha 1943, madokotala awiri a ku London, James Purdon Martin ndi Julia Bell, analemba za banja lina limene munali amuna 11 a vuto la nzeru m'mibadwo iwiri, obadwa kwa amayi ooneka athanzi. Mu 1969 Herbert Lubs wa ku America anaona kuti nsonga ya X ya anyamata otere imaoneka ngati ifuna kuthyoka, ndipo apa ndi pamene panachokera dzina lija, limene tanthauzo lake ndi X yosalimba. Langizo la FMR1 linapezeka mu 1991, pa ntchito imene anagwirira limodzi akatswiri a ku Atlanta, Houston ndi Rotterdam. Ena ankaganiza kuti vutoli ndi la azungu okha, koma mu 1997 ndi 1998 akatswiri a ku Johannesburg, Goldman, Krause ndi Jenkins, anaonetsa poyeza magazi kuti lilipo pakati pa anthu akuda a ku South Africa.

Njira imene limayenda m'banja

Abale ndi alongo, apa tichite chidwi, pakuti ndi pamene maukwati ambiri amagwedezeka. Bambo wonyamula vutoli amalipatsira ana ake onse aakazi, koma sapatsira mwana wamwamuna ndi mmodzi yemwe, popeza wamwamuna amalandira Y. Ana aakaziwo amakula bwino. Akayamba kubereka, pa mimba iliyonse pamakhala theka la mwayi woti mwana alandira X ija, ndipo ndi podutsa mwa mayi pamene mkanda wa zilembo umatha kutalika kupitirira 200. Ukakhala kale wautali mwa mayiyo, umatalika msanga mwa mwana.

Achewa, amene amawerenga mtundu kutsata kuchikazi, angaone msanga kuti vutoli limayenda ndi mbumba. Limaoneka mwa ana aamuna a akazi apachibale, ndiponso mwa atsibweni awo a anawo. Koma taganizirani banja limene mlongo mmodzi ali ku Dangamvura, wina ali ku Ntcheu, wachitatu ali ku Angonia. Aliyense ali ndi mwana wamwamuna wochedwa kulankhula, ndipo aliyense akuyesa kuti tsokali ndi lake yekha. Popeza palibe amene anawaonapo anawo atakhala pa mphasa imodzi, palibenso amene anazindikira kuti nkhani yawo ndi imodzi.

Pali zizindikiro zina ziwiri zimene banja liyenera kufunsana. Ena mwa amuna onyamula vutoli, akapitirira zaka 50, amayamba kunjenjemera manja ndi kudzandira poyenda. Zimenezi anazifotokoza mu 2001 Randi Hagerman ndi anzake a ku California, ataona kuti amayi obwera ndi ana ku chipatala ankadandaulanso za atate awo. Ndiponso pafupifupi mayi mmodzi pa asanu onyamula vutoli amasiya kusamba asanakwane zaka 40.

Tsono kodi mlandu ndi wa yani? Kumene ukwati ndi wolowola, mayi ndiye amanenedwa kuti wabweretsa magazi oipa, ndipo ena amabwezedwa kwawo. Kwina amati ndi tsempho, ndipo amafufuza amene anachita chigololo. Kwinanso amati bambo anakhwimira mwana kuti malonda ayende. Ku Cameroon, akatswiri Karen Kengne Kamga ndi Ambroise Wonkam anafufuza mtundu waukulu wa mfumu ina yakale ya mitala, umene unali ndi ana ambiri a vuto la nzeru. Anthu a m'deralo ankati ndi temberero, koma zotsatira za magazi zimene anazifalitsa mu 2020 zinaonetsa kuti inali fragile X, imene inayenda mwakachetechete kupyolera mwa ana aakazi. Mayi sasankha X imene apatsire mwana, monga momwe sasankhira msinkhu kapena khungu lake, ndipo kawirikawiri iyenso anailandira kwa atate wake, amene sankadziwa kanthu. Pa Yohane 9, ophunzira atafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Ambuye Yesu anakana kusenzetsa mlanduwo munthuyo kapena makolo ake. Ifenso tisausenzetse munthu.

Zimene zimaoneka m'zaka zoyamba

Pa tsiku lobadwa, mwana wa fragile X amaoneka ngati khanda lina lililonse. Nkhope yaitali ndi makutu aakulu oimirira, zimene mabuku a madokotala amatchula, zimayamba kuoneka bwino akamakula, ndipo ena sakhala nazo. Chimene mayi amayamba kuona m'chaka choyamba ndi thupi lolobodoka. Khosi limachedwa kulimba, mwana amavutika kuyamwa, amabweza mkaka kawirikawiri, ndipo pomubereka amakhala ngati akupsinjika m'chitenje. Mfundo za zala zake zimapindika mopitirira, khungu limakhala lofewa, ndipo mapazi amakhala aphwatalala.

Bungwe la World Health Organization, litayeza ana athanzi m'maiko asanu kuphatikizapo Ghana, linafalitsa mu 2006 kuti pafupifupi ana onse amakhala tsonga okha pofika miyezi 9, ndipo amayenda okha asanakwane miyezi 18. Ana aamuna a fragile X, tikatenga pakatikati, amakhala tsonga pa miyezi 10, ndipo amayenda ndi kutchula mawu oyamba omveka pa miyezi pafupifupi 20. Ena amafulumirapo, ena amafika zaka 3 asanatchule liwu. Kusiyana ndi anzawo kumayamba pang'ono, ndipo kumakula chaka ndi chaka, chifukwa anzawo akuthamanga pamene iye akuyenda. Komabe akuyenda ndithu, ndipo amapitiriza kuphunzira moyo wake wonse.

Pakati pa zaka 2 ndi 5 ndi pamene khalidwe lake limaonekera poyera. Sakhazikika malo amodzi. Akasangalala kapena akachita mantha amakupiza manja, ndipo nthawi zina amadziluma dzanja kufikira pochita chipsera. Amatafuna kolala ya malaya. Amadana ndi kumetedwa, kuwengedwa zikhadabo ndi zovala zokanda. Akayamba kulankhula, amalankhula mofulumira ndi mobwereza, ndipo funso limodzi amatha kulifunsa kakhumi ngakhale layankhidwa kale. Amachedwa kuphunzira kupita kuchimbudzi yekha, ndipo usiku tulo timavuta. Pafupifupi theka la anyamata otere amapezekanso ndi vuto lotchedwa autism.

Pali matenda atatu oyenera kuwayang'anira. Oyamba ndi a m'makutu, amene amabwerabwera ndi kutsekereza kumva pa nthawi yeniyeni imene mwana akuphunzira mawu. Achiwiri ndi maso osayang'ana kumodzi. Achitatu ndi khunyu, limene limagwira ena mwa iwo, koma kawirikawiri limamva mankhwala, ndipo mwa ambiri limaleka akamakula.

Tisaiwale zimene ana amenewa amakhoza. Amamva zambiri kuposa zimene amatha kunena. Amakumbukira njira, nkhope ndi nyimbo. Amatsanzira modabwitsa, mpaka kalankhulidwe ka kondakitala wa kombi kapena ka mlaliki. Amakonda nthabwala, amakonda kuthandiza ntchito za pakhomo, ndipo amakonda anthu, ngakhale kuti amawaopa.

Zimene timamva molakwa

Mwana wotere amathawitsa maso. Munthu akamupatsa moni, amatambasula dzanja uku nkhope ndi thupi atazitembenuzira kumbali. Akuluakulu amati ndi mwano kapena kusaleredwa bwino, pamene chenicheni n'chakuti kuyang'anizana maso kumamuwotcha mtima ndi mantha. Akalowa pamsika kapena m'basi yodzaza, nayamba kukuwa ndi kudzigwetsa pansi, anthu amati akusowa mkwapulo. Koma ubongo wake wadzazidwa ndi phokoso, ndipo umatenga nthawi yaitali kuti ukhale pansi. Kumumenya kumawonjezera moto pa moto.

Ku Dangamvura mwana amamva Chichewa kwa agogo, Chimanyika pabwalo ndi Chingerezi kusukulu, ndipo akachedwa kulankhula anthu amati zinenero zamusokoneza. Ena amati ana aamuna amachedwa kale, tingodikira. Zinenero zingapo sizichedwetsa mwana, ndipo palibe chifukwa cholekera kumulankhula m'chinenero cha makolo ake, chimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anachiika pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Kudikira ndiko kumawononga. Kafukufuku amene Donald Bailey ndi anzake anafalitsa ku America mu 2009 anapeza kuti makolo ankayamba kukayika mwana ali ndi miyezi pafupifupi 12, koma dzina la vutoli ankalimva mwanayo ali ndi miyezi 35 kufikira 37. Pofika nthawi imeneyo, pafupifupi banja limodzi pa anayi linali litabereka kale mwana wachiwiri wa vuto lomwelo. Ngati zinali choncho kumene zipangizo n'zochuluka, nanga kwathu kuno?

Choyenera kuchita

Choyamba, pitani naye ku chipatala msanga. Mwana amene sakukhala tsonga pa miyezi 9, amene sakuyenda kapena kutchula liwu lililonse pa miyezi 18, kapena amene sakulumikiza mawu awiri pa zaka 2, ayenera kuonedwa. Ku sikelo tisamangoyang'ana kulemera kwake. Tiwauze anamwino zimene sakuchita, ndipo titchulenso abale ena a kuchikazi amene ali ndi vuto lofanana. Si mwana aliyense wochedwa amene ali ndi fragile X. Kubanika pobadwa, chikasu cha ukhanda, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kusowa zakudya, kusamva, ndi mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera, zonsezi zimachedwetsa mwana, ndipo zina zili ndi mankhwala. Achipatala ali ndi njira zoyezera kakulidwe ka mwana. Imodzi mwa izo, yotchedwa MDAT, inakonzedwa ku Malawi ndi Melissa Gladstone ndi anzake, inafalitsidwa mu 2010, ndipo yagwiritsidwapo ntchito pa kafukufuku ku Zimbabwe.

Banja la ku Dangamvura liyambire pa kiliniki ya m'deralo, ndi kupempha kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Victoria Chitepo, chimene kale chinkatchedwa Mutare Provincial Hospital, kumene kuli madokotala ndi akatswiri olimbitsa ziwalo. Mumzinda womwewo muli Nzeve, malo othandiza ana osamva ndi makolo awo, ndi sukulu ya Chengetai ya bungwe la Zimcare Trust, ya ana a vuto la nzeru. Ndime 83 ya malamulo a 2013 aja imanena za ufulu wa anthu olumala, kuphatikizapo thandizo la chipatala ndi maphunziro. Choncho kholo lopempha malo a mwana wake m'kalasi ya ECD silikupempha chifundo. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique njira ndi yomweyo, kuyambira pa chipatala chaching'ono kukafika ku chachikulu.

Chimene chimatsimikiza fragile X ndi kuyeza magazi kowerenga zilembo zija. M'chigawo chino cha Africa, akatswiri a University of the Witwatersrand ku Johannesburg akhala akuchita zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo dokotala angakuuzeni ngati magazi angatumizidwe. Kuyezako kumathandiza mtundu wonse, pakuti alongo a mayiyo amadziwa za iwo eni asanabereke. Koma thandizo la mwana lisadikire pepala. Palibe mankhwala ochiza fragile X. Amene alipo ndi a khunyu, a makutu, a tulo ndi a kusakhazikika, ndipo amalembedwa ndi dokotala. Wina aliyense wogulitsa madzi, mafuta kapena zitsamba ndi lonjezo lakuti mwana achira, akudya ndalama za banja losauka.

Chachiwiri, sukulu yaikulu ya mwanayu ndi pakhomo. Tsiku lake likhale ndi ndondomeko yosasinthasintha ya kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona, ndipo chikafuna kusintha chinthu timuuziretu. Pomuphunzitsa tikhale pambali pake, tonse tikuyang'ana chinthu chimodzi, osamukakamiza kutiyang'ana m'maso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana ameneyu amadzayang'ana yekha mantha akatha. Tilankhule mawu ochepa ndi afupi, tikuloza chinthucho, ndipo tidikire yankho. Zizindikiro za manja ndi zithunzi sizitseka pakamwa, koma zimatsegula njira ya mawu. Popeza amaphunzira poona ntchito yonse yathunthu, timuonetse kusamba m'manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo azikhala pakati pa ana anzake amene angawatsanzire. Ntchito zofuna mphamvu, monga kunyamula kandowa ka madzi, kukankha wilibala yaing'ono kapena kusinja mu kamtondo, zimamukhazika mtima pansi. Akayamba kudziluma, timupatse chinthu chaukhondo chotafuna, ndi kumuchotsa paphokoso. Akagwa khunyu timugoneke cham'mbali, kutali ndi moto ndi madzi, osamuika kanthu m'kamwa. Khunyu silipatsirana.

Chachitatu chikukhudza ife a mumpingo. Zokuzira mawu zathu, mzere wa moni wa m'manja, ndi gulu la anthu omuzungulira mwana ndi kumugwira mutu uku akufuula, zonsezi kwa iye ndi zoopsa, ndipo kukuwa kwake pamenepo ndi kwa mantha. Tisakutche dzina lina. Banja lotere tilipatse mpando wa pafupi ndi khomo, kutali ndi zokuzira mawu, kuti lithe kutuluka ndi kubwerera popanda kucheukiridwa. Aphunzitsi a Sande sukulu amupatse mwanayo ntchito yake ya sabata ndi sabata, monga kugawa mabuku a nyimbo. Amayi a chigwirizano asinthane kukhala naye masana amodzi, kuti mayi wake apite kumsika kapena agone tulo. Atate nawo aime pambali pa akazi awo pamaso pa achibale, ndipo apite nawo ku chipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Okondedwa, mwana wa fragile X amakhala ndi moyo wautali monga anthu ena. Ambiri adzafuna wowayang'anira moyo wawo wonse, koma amene anaphunzitsidwa adakali aang'ono amadzisambitsa, amadziveka, amalima dimba, amaweta nkhuku ndi kuthandiza pa malonda. Maziko a zonsezi amaikidwa m'zaka zisanu zoyamba, pamene ubongo uli wanthete. Ngati mwamuzindikira mwana wanu m'mawu awa, chitani zinthu ziwiri sabata ino. Tengani khadi lake la ku sikelo mupite naye ku chipatala, ndipo imbirani foni alongo anu, kaya ali ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete, muwafunse za ana awo.